Munthu Akamadzikonza, Amadzikonzera Yani?

Funso la phunziro lino likutikhudza tonse, kaya ndife alimi, aphunzitsi, atelala, amalonda kapena achinyamata amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4. Tonse timadziwa kuti munthu akasiya kuphunzira amatsalira. Makaniko amene anazolowera injini zakale amasowa pogwira ikabwera galimoto imene vuto lake amalipima ndi kompyuta. Telala amene sanasinthe kasokedwe kake kwa zaka 20 amaona makasitomala akumudutsa kupita pakhonde lina. Pamenepa palibe wotsutsa.

Koma tinaonanso anthu amene luso lawo limakula chaka ndi chaka, masatifiketi ali mbwee pakhoma, udindo ukukwera, pamene kunyumba ana amathawira kuchipinda akamva galimoto yawo ikufika, ndipo kuntchito anzawo amanong'ona akamadutsa. Munthu wotere wadzikonza kapena ayi? Nanga ife tikamalimbikitsana kuti tisasiye kuphunzira, tikufuna tifike pati, ndipo phindu lake likhale la yani? Kuti tisangolankhula m'malere, tiyeni tione moyo wa munthu mmodzi amene anayesa nkhaniyi mwakhama ndipo analemba yekha pamene anapambana ndi pamene analephera.

1. Mnyamata wa zaka ziwiri zokha za sukulu

Benjamin Franklin anabadwa mu 1706 mumzinda wa Boston ku America, dzikolo lidakali pansi pa ulamuliro wa Britain. Bambo ake ankapanga sopo ndi makandulo, ndipo anabereka ana 17. Benjamin anakhala pasukulu zaka ziwiri zokha. Ali ndi zaka 10 anayamba kuthandiza bambo ake kudula zingwe za makandulo, ndipo ali ndi zaka 12 anamupereka kwa mkulu wake James kuti aphunzire ntchito yosindikiza.

Mnyamatayu ankabwereka mabuku madzulo kwa anzake ogwira ntchito m'masitolo a mabuku, n'kuwerenga usiku, m'mawa n'kubweza mwini sitolo asanazindikire. Anapempha mkulu wake kuti azimupatsa theka la ndalama imene ankamulipirira chakudya kuti azidziphikira yekha, ndipo yotsala pamenepo ankagulira mabuku. Pofuna kuphunzira kulemba bwino, ankatenga nkhani ya m'nyuzipepala ya ku London yotchedwa The Spectator, n'kulemba mwachidule mfundo ya chiganizo chilichonse. Pakapita masiku angapo ankayesa kuilembanso nkhani yonseyo m'mawu akeake, kenaka n'kuyerekeza ndi yoyamba ija kuti aone pamene waphonya.

Ali ndi zaka 17 anapita ku Philadelphia wopanda kanthu. Pofika mu 1729 anali mwini wa nyuzipepala ya Pennsylvania Gazette, ndipo mu 1748, ali ndi zaka 42, anali atapeza zokwanira moti anasiyira mnzake ntchito yosindikiza n'kuyamba kufufuza za magetsi. Ndiye anatulukira chitsulo chimene amaika padenga kuti chitchinjirize nyumba ku mphezi. Mu 1776 anali m'gulu la anthu asanu amene anapatsidwa ntchito yokonza chikalata cholengeza ufulu wa dziko la America.

Chimene tingatolepo apa ndi njira yake. Ankaika ntchito yake pambali pa ntchito yoposa yake, n'kufunafuna cholakwa chake. Ambiri a ife timati tili ndi zaka 15 pantchito, pamene zoona zake n'zakuti tinaphunzira chaka chimodzi, zaka zina 14 takhala tikubwereza zomwezo. Telala amene amasula jekete yosokedwa bwino kuti aone mmene msoko unayendera, kapena mlimi amene amapita kukafunsa mnzake chifukwa chake chimanga chake chili bii pamene mvula inagwa imodzimodzi, akuchita zimene Franklin ankachita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

2. Kabuku ka madontho

Franklin anazindikira msanga kuti luso la manja palokha silikwanira. Ali ndi zaka za m'ma 20 analemba mndandanda wa makhalidwe 13 amene ankafuna kukhala nawo: kudziletsa pa kudya ndi kumwa, kusalankhula zopanda pake, dongosolo, kuchita chimene watsimikiza, kusawononga chuma, khama pantchito, kuona mtima, chilungamo, kusapyola muyeso, ukhondo, kudekha, kudzisunga, ndi kudzichepetsa. Anajambula mizere m'kabuku, masiku 7 a sabata pamwamba, makhalidwe 13 m'mbali. Madzulo aliwonse ankaganizira tsiku lonse, ndipo paliponse pamene walakwa ankaikapo kadontho kakuda.

Sankalimbana ndi zonse nthawi imodzi. Sabata iliyonse ankasankha khalidwe limodzi loti aliyang'anire kwambiri, kotero kuti m'masabata 13 ankamaliza mndandanda wonse, ndipo pachaka ankauzungulira kanayi. Madonthowo anachuluka kuposa mmene ankayembekezera. Mapepala anabooka chifukwa chofufutafufuta, mpaka anasamutsira mizere yake pa timapale ta mnyanga wa njovu timene ankatha kupukuta ndi chinkhupule chonyowa.

Atakalamba anavomera kuti sanafike pamene ankafuna. Dongosolo linamukanika mpaka kumapeto. Mapepala ake ankangokhala balala. Kudzichepetsa sikunalipo pamndandanda woyamba, umene unali ndi makhalidwe 12 okha. Analiwonjezera mnzake wina wa mpingo wa Quaker atamuuza maso ndi maso kuti anthu amamuona ngati wodzikuza, makamaka pamtsutso. Franklin anaphunzira kufewetsa mawu ake, koma anaulula kuti anakonza maonekedwe kuposa mtima weniweniwo, ndi kuti akanati agonjetse kunyada, bwenzi akunyadira kudzichepetsa kwakeko. Ngakhale zinali choncho, anati kuyesako kunamusandutsa munthu wabwinopo ndi wokondwa kuposa mmene akanakhalira akanapanda kuyesa.

Apa pali yankho kwa ena a ife amene timati, "Ndinayesa kusiya kupsa mtima, zinakanika, ndi mmene ndinabadwira." Munthu amene wachepetsa madontho kuchoka pa asanu kufika pa atatu sanafike, koma mkazi wake kapena mwamuna wake amakudziwa kusiyana kwa asanu ndi atatu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

3. Lachisanu madzulo

Mu 1727 Franklin anasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa kagulu kotchedwa Junto. Analipo 12, ambiri anali amisiri wamba: wosoka nsapato, kalipentala, woika magalasi m'mawindo, kalaliki, ndi anzake osindikiza. Ankakumana Lachisanu lililonse madzulo. Aliyense ankabweretsa funso la makhalidwe, la kayendetsedwe ka dziko kapena la sayansi, ndipo kamodzi pa miyezi itatu ankawerenga nkhani yolemba yekha. Anaika lamulo loletsa kulankhula motsimikiza mopitirira ndi kutsutsana mwamakani, ndipo wophwanya lamuloli ankalipira kandalama. Ankafunsananso ngati pali wina mumzindamo amene wangoyamba kumene malonda ndipo akufunika thandizo, kapena ngati pali njira imene gululo lingathandizire anthu onse.

Taonani zimene zinatuluka m'kagulu kameneka ndi m'maganizo amene kanabala. Mabuku anali odula, choncho mu 1731 anthu 50 anasonkha mashiling'i 40 aliyense n'kutsegula laibulale yobwereketsa mabuku, imene ilipobe mpaka lero. Mu 1736 anayambitsa gulu la anthu odzipereka lozimitsa moto. Mu 1751 Franklin ndi dokotala Thomas Bond anakhazikitsa chipatala cha Pennsylvania, ndipo sukulu imene anathandiza kuyambitsa m'zaka zomwezo ndiyo inadzakhala University of Pennsylvania. Atatulukira mbaula yotenthetsera nyumba yosadya nkhuni zambiri, bwanamkubwa anafuna kumupatsa chikalata choletsa ena kupanga mbaula yotero. Iye anakana, poganiza kuti popeza tonse timapindula ndi zimene ena anatulukira, nafenso tizipereka zathu mosaumira.

Kodi Franklin analuzapo? Iye mwini sanabise kuti kaguluko kanamubweretsera makasitomala ndi mbiri yabwino. Kukula kwake ndi kukula kwa mzinda wake zinayendera limodzi. Timakonda kuganiza kuti tiyenera kusankha chimodzi, kudzitukula kapena kuthandiza ena, ngati kuti nzeru ndi thumba la ufa limene limachepa ukagawirako mnzako. Mphunzitsi aliyense pakati pathu angatiuze kuti phunziro amalimvetsa bwino tsiku limene waliphunzitsa.

4. Chimene kabuku sikanaone

Tikanathera pamenepa bwenzi nkhaniyi ili yokoma, koma yosakwanira. Pa zaka zambiri zimene Franklin ankaika madontho m'kabuku kake, pakhomo pake panali akapolo. Nyuzipepala yake inkasindikiza zidziwitso zogulitsa anthu ndi zofunafuna akapolo othawa, ndipo iye ankalandira ndalama pa zidziwitsozo. Chilungamo chinali pamndandanda wake. Madzulo ankadzifunsa ngati walakwira munthu, n'kusiya malowo opanda dontho, pamene munthu amene wamukolezera moto usiku umenewo anali wogulidwa ndi ndalama.

Zinatheka bwanji? Munthu akamadziyesa yekha amaona zokhazo zimene anavomera kale kuti ndi zolakwa. Zimene anthu onse omuzungulira akuchita sazitcha cholakwa, amazitcha mwambo. Kabuku ka Franklin kankagwira msanga akadya mopyola muyeso kapena akataya ola limodzi pachabe, koma tchimo lalikulu la m'nthawi yake linkadutsa osaoneka.

Maso ake anatseguka pang'onopang'ono, ndipo anatsegulidwa ndi ena. Mu 1763 anakayendera sukulu ya ana achikuda ku Philadelphia, ndipo ataona mmene ankaphunzirira analemba kalata yovomera kuti zimene ankaganiza za nzeru zawo zinali zolakwika. Anthu a mpingo wa Quaker monga Anthony Benezet, amene ankalimbana ndi ukapolo, anapitiriza kumulembera ndi kumulankhula. Mu 1787 anakhala pulezidenti wa bungwe la ku Pennsylvania lofuna kuthetsa ukapolo, ndipo mu February 1790 anasaina pempho lopita kunyumba ya malamulo ya dzikolo kuti ukapolo uthe. Anamwalira mu April chaka chomwecho ali ndi zaka 84. Kusintha kofunika kwambiri pa moyo wake kunabwera atakalamba, ndipo kunachedwa kwa anthu amene anamutumikira zaka zonse zija.

Tisathamangire kumuweruza tisanadzifunse. Ndi chiyani pakhomo pathu chimene sitichiika pamndandanda chifukwa aliyense amachita? Mwina ndi mtsikana wantchito amene amadzuka 4 koloko ndipo malipiro ake timamupatsa tikakumbukira. Mwina ndi waganyu amene tinagwirizana naye mtengo wina, n'kumudula atamaliza kupalira. Mwina ndi mwana wamkazi amene amajomba kusukulu kuti alere mng'ono wake pamene mlongo wake sajomba. Mwina ndi sikelo ya pamsika imene tonse tikudziwa kuti siinena zoona. Munthu akhoza kukhala wakhama, waukhondo, wosunga nthawi ndi wosamwa mowa, zonsezi zili chikhalire.

Choncho kudzikonza kumafuna zinthu ziwiri zimene munthu sangadzipatse yekha. Choyamba ndi mnzake wolimba mtima womuuza zoona. Chachiwiri ndi muyeso woposa mwambo wa pamudzi pake ndi wa m'nthawi yake. N'chifukwa chake timawerenga Mawu a Mulungu pamodzi ndi kukambirana, m'malo moti aliyense azingodziyesa payekha kuchipinda.

5. Nanga amene alibe poyambira?

Wina pakati pathu anganene kuti, "Zonsezi n'zabwino kwa amene wakhuta. Munthu amene wagona ndi njala, fizi ya mwana palibe, mukumuuza kuti adzikonze?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo tisalithawe. Mawu olimbikitsa akhoza kusanduka chitonzo ngati tikutanthauza kuti wosauka aliyense anasauka chifukwa cha ulesi. Timadziwa amayi amene amagwira ntchito kuyambira tambala woyamba mpaka usiku, koma nkhokwe imatha Disembala asanafike.

Tikumbukire William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya mu 2001 ndi 2002 anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya kwawoko. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira kwambiri zithunzi. Anapeza buku la sayansi limene pachikuto pake panali makina oyendera mphepo, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga akeake pogwiritsa ntchito fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki, njinga yakale, dayinamo ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wachita misala, mpaka tsiku limene babu linayaka. Nkhani yake inatuluka m'nyuzipepala mu 2006, mu 2007 anakalankhula kumsonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America.

Nkhaniyi timakonda kuifotokoza ngati ya mnyamata amene anachita zonse yekha. Khama linali lake ndithu, ndipo palibe amene akanamuwerengera bukulo. Koma panali anthu amene anaika mabuku m'kalaibulale kaja osadziwa kuti adzawerenga ndani. Panali womubwereka mabukuwo, mnzake amene anamugulira zipangizo zina, ndi bambo ake amene analola kuti njinga yawo iphwasulidwe. Ana ena anzeru ngati iye anasiya sukulu chaka chomwecho, ndipo sitinawamve chifukwa kwawo kunalibe shelefu ya mabuku. Mutu umodzi susenza denga.

Yankho lathu kwa wofunsa uja likhale lotere. Palibe munthu wosauka kwambiri moti sangaphunzire kanthu, ndipo makhalidwe monga kuona mtima ndi kudekha safuna fizi. Koma katundu wamkulu ali pa ife amene tili ndi kenakake. Amene amadziwa kuwerenga ali ndi ngongole kwa amene sadziwa. Amene ali ndi makina osokera ali ndi ngongole kwa mtsikana amene amaima pazenera kumuonerera.

6. Pamene khalidwe ndi ntchito zasiyana njira

Tinene chilungamo pa chinthu chinanso. Si nthawi zonse pamene kudzikonza kumabweretsa kukwezedwa. Kalaliki amene wakana kusaina risiti yabodza akhoza kukhala pampando womwewo zaka 10, anzake ovomera akumanga nyumba. Wamalonda amene wakonza sikelo yake amapeza phindu lochepa mwezi umenewo. Ngati cholinga chathu chonse chinali malipiro, tsiku limenelo tidzati tinataya nthawi.

Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuti munthu aliyense akhale ndi ntchito kapena luso lopindulira iye mwini ndi anzake, ndipo ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira anaiika pa mlingo wa kupembedza. Anatilangizanso kuti tizidziwerengera zochita zathu tsiku ndi tsiku, lisanafike tsiku limene tidzafunsidwe. Tikaziika pamodzi ziwirizi, funso la madzulo limasintha. Sitingofunsa kuti tapeza zingati lero. Timafunsanso ngati khoma limene tamanga lidzapirira mvula, ngati wodwala tamulankhula mwaulemu, ngati ana a m'kalasi mwathu atuluka akudziwa chimene sankadziwa m'mawa. Mmisiri amene akuona ntchito yake motere sangasiye kuphunzira, chifukwa sangafune kupereka kwa Mulungu ndi kwa anthu chinthu chosalongosoka. Akakwezedwa athokoza. Akapanda kukwezedwa, khoma lija lilipobe ndipo anthu akugona mosatekeseka m'nyumbamo.

Nthawi zambiri, ngakhale si nthawi zonse, anthu amamudziwa mmisiri wotere. Funsani aliyense amene anamangitsapo nyumba kuti kachiwiri adzaitana ndani.

Ndiye munthu akamadzikonza amadzikonzera yani? Moyo wa Franklin ukutionetsa kuti luso lake linafika patali pamene analigwiritsa ntchito potsegula laibulale ndi chipatala, ndipo khalidwe lake linatsalira pamene sanawerengere anthu a pakhomo pake. Kukula kwa munthu tikuyese poona anthu amene ali naye pafupi: kodi zikuwayendera bwino chifukwa iye wakula?

Mafunso okambirana

1. Pa ntchito imene mumagwira, ndi liti pamene munayerekeza ntchito yanu ndi ya wina wokuposani? Munapezapo chiyani?

2. Pa makhalidwe 13 aja, ndi liti limene likanakuchulukirani madontho? Ndi khalidwe liti limene mukanawonjezera pamndandandawo?

3. Muli ndi munthu amene angakuuzeni cholakwa chanu osaopa? Anakuuzani komaliza liti, ndipo munamuyankha bwanji?

4. M'dera lathu lino, ndi chizolowezi chiti chimene zidzukulu zathu zidzadabwe kuti tinkachilola?

5. Munthu akamakanidwa udindo chifukwa cha kuona mtima, gulu ngati lathuli lingamuthandize bwanji?

Zochita tisanakumanenso

Aliyense asankhe luso limodzi la pantchito yake ndi khalidwe limodzi. Madzulo aliwonse, musanapemphere, lembani pakapepala mmene tsikulo layendera pa ziwirizo. Pezaninso munthu mmodzi, wamng'ono kapena wamkulu, woti mumuphunzitse kanthu kamene inu mumadziwa. Tikadzakumana sitidzafunsana za madontho, chifukwa zimenezo n'za munthu ndi Mlengi wake. Tidzangouzana za amene tinamuphunzitsa uja, ndi chimene ifenso tinaphunzira kwa iye.